Mtengo Umene Unkawasowa a Mtsempha

A Mtsempha sankapereka moni ngati anthu ena onse. Ukawatambasulira dzanja, iwo ankalilambalala n'kukugwira pamkono ndi zala ziwiri, maso ali kumwamba, milomo ikugwedera. Kenako chigamulo: "Uli moyo, pita." Kapena: "Iwe, mtima ukuthamangira kuti chonchi? Waba chiyani?"

Anayendetsa ambulansi mpaka imvi zinawamera, ndipo ngakhale udokotala ankangouonera pagalasi loyang'anira kumbuyo, ankakhulupirira kuti theka lake linawalowa m'magazi. Anayezapo mkwati pakhomo la tchalitchi, wapolisi amene anabwera kudzafunsa za phokoso, mbuzi ya eni ake, ngakhalenso tayala la njinga. Dzina lawo lenileni linasungunuka ngati sopo woiwalika m'bafa.

Wodwala mmodzi yekha ndiye anawakanika: mtengo wa mango umene unali pakati pa bwalo, kuseri kwa mashopu, pamene zipinda za lendi zinayang'anizana. Ankautcha Achemwali. Akazi awo anamwalira kalekale, ana analibe, ndiye m'mawa uliwonse ankapita kukaika zala pathunthu pake, n'kubwerako akupukusa mutu.

"Munthu wamkulu chonchi, wobereka chaka ndi chaka, koma kugunda osamveka. Pali chimene akundibisira."

Ndiye kunabwera mwana wa mlongo wawo, mtsikana amene anakaphunzira za zomera kunja. Anabwera ndi digiri, nsapato zoyendera m'chisanu, ndi sutikesi imene sanaimasule. Ankati wangodutsa. Akafuna bulauzi ankatsegula zipi pang'ono, n'kuisolola, n'kutsekanso, ngati akuopa kuti zovala zingazolowere. Pabwalo ponse anamutcha Sutikesi. Chilichonse chinkamutopetsa: fumbi, mizere ya ku banki, anthu ofunsa kuti ukwati uli liti. Koma ataona amalume ake akupapasa mtengo, anaseka koyamba chibwerereni.

"Amalume, chida choyezera zimenezo ndili nacho. Kusukulu ankachitaya atagula chatsopano."

Tsiku loika chidacho bwalo linadzaza. Ometa anasiya munthu theka la mutu. Mayi Telala anatuluka tepi ili m'khosi. Sutikesi anapala khungwa pang'ono mpaka panaoneka poyera, n'kutulutsa kachibowolero.

"Ima kaye! Ukuwabaya popanda wochititsa dzanzi?"

"Samva ululu, amalume."

"Onse amatero asanabayidwe."

Anagwira nthambi ya m'munsi ngati dzanja la mayi wapakati, akunong'ona kuti, "Limbani mtima, Achemwali, yang'anani kumbali." Sutikesi anaboola timabowo tiwiri, kena pamwamba kena pansi, n'kulowetsamo singano ziwiri zokhala ndi mawaya. Anakulungapo pepala lonyezimira kuti dzuwa lisasokoneze. Mawaya anapita ku kabokosi kokhala ndi kagalasi, kabokosiko kanabayidwa ku batire, ndipo batire inkadya kuchokera ku kasola kamene anakakweza padenga la bafa.

"Singano yapamwambayi imatenthetsedwa," anafotokoza. "Yapansiyi ayi. Madzi akamakwera mumtengo amatenga kutentha kuja n'kupita nako. Ndiye yapamwamba ikazizira, ndiye kuti mtengo ukumwa bwino."

"Akazizira ndiye kuti ali bwino?" A Mtsempha anayang'ana anthu. "Kwathu kuchipatala munthu akazizira timaitana abale."

Koma m'mawa mwake, ataona kamzere pagalasi kakukwera limodzi ndi dzuwa, kufika pachimake masana, madzulo n'kutsika, anavula chipewa. Anatulutsa mpando wawo n'kuuika pafupi. Kuyambira pamenepo bwalo linasanduka wodi. Anaika nthawi yoonera odwala. Analetsa kumanga chingwe choyanikira panthambi. Aliyense wodutsa, ngakhale wothamangira kuchimbudzi, ankayenera kumva kaye lipoti: "Lero amwa bwino. Dzulo kunali mitambo, anangolawa."

Kenako magetsi anayamba kuthimathima. Tsiku lina a Mtsempha atapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi kutenga mapiritsi awo, monga ankachitira mwezi uliwonse, laputopu ya Sutikesi inafa ali pakati pofunsira ntchito ya kunja. Anayang'ana batire ija. Inali ndi pobayira pamodzi pokha. Anazula waya wa kabokosi, n'kubayapo wake. Mtengo sudandaula, anaganiza choncho.

"Ehe," anatero mawu kumbuyo kwake. Anali Ometa, makina ometera ali m'manja. "Kodi chipatala chino chimalandiranso odwala akunja?"

Mayi Telala anabwera ndi foni. Pofika masana panali mzere. Atamva kutsokomola kwa a Mtsempha kumsewu, anabwezeretsa waya, aliyense n'kulowa m'chipinda mwake.

Vuto linali lakuti kabokosi kakasowa magetsi kankalemba kuti palibe kanthu, mzere n'kugona pansi. Anakakonza choncho ndi Sutikesi yemwe, pofulumira, poganiza kuti sakhalitsa.

"Mphwanga! Thamanga! Achemwali anakomoka!"

Anawapeza atagwada, chala chili pagalasi. "Taona. Apa m'pamene ndinatuluka. Apa m'pamene ndabwera. Pakatipa sanamwe olo dontho."

Sutikesi anayankha msanga: "Zimachitika."

A Mtsempha anapita kokagula buledi: mzere unagona. Anapita kumaliro a dalaivala mnzawo tsiku lathunthu, ndipo tsiku limenelo anatchaja mafoni mpaka anthu a mumsewu wachiwiri. Atabwera madzulo anayang'ana kagalasi nthawi yaitali. Anthu ankasuzumira m'makatani, akudikira mkuntho. Koma a Mtsempha anatembenuka nkhope ikuwala, misozi ili lendelende.

"Amandisowa," anatero. "Ndikachoka sadya."

Anauza aliyense. Anauza wogulitsa makala, anauza wodzawerenga mita ya madzi. "Ine moyo wanga wonse ndanyamula anthu, ena ndawafikitsa, ena ayi, ndipo palibe anabwerapo kudzafunsa kuti dalaivala uja ali kuti. Koma taonani mtengo!"

Sutikesi anayesa. Anasankha nthawi imene amalume ake ankapukuta kagalasi ndi mpango.

"Amalume, mwina ndi batire chabe."

"Batire?" Anamuyang'ana mwachifundo, ngati wodwala malungo amene akubwebweta. "Mphwanga, sukulu yonse ija. Batire imadziwa bwanji kuti ndachoka?"

Yankho linalipo, lalifupi, koma linali ndi mayina a bwalo lonse, loyamba lake.

Tsiku la kuchipatala litakwana, a Mtsempha sanavale jekete.

"Simupita?" anafunsa Sutikesi.

"Pamzere paja munthu amatha tsiku. Ndiwasiye ndi ludzu chifukwa cha timapiritsi?"

Mwezi wotsatira zinali chimodzimodzi. Kabotolo ka mapiritsi kanayamba kusungira mabatani. Apa mpamene Sutikesi anaitanitsa msonkhano m'shopu mwa Ometa.

"Tisiye," anatero. "Akachoka, waya asagwidwe. Akaona kuti mtengo ukumwa okha, apita kuchipatala."

"Ine ndinangotsatira ophunzira," anatero Ometa.

"Inu a Ometa, khalani chete," anatero Mayi Telala. "Mitu imene mwameta ndi magetsi a Achemwali ingadzaze basi."

Anagwirizana. Anawanyengerera a Mtsempha kuti akaone mnzawo wodwala kutsidya kwa tauni, ndipo tsiku lonse batire inakhala ngati yaminga. Atabwera, mzere unali wokongola, phiri lathunthu lopanda chigwa. Anauyang'ana. Ananyamula mpando wawo n'kuutembenuza, msana kumtengo.

Masiku otsatira chakudya chinkabwerera m'mbale. Lipoti linatha. Choopsa kuposa zonse, Mayi Telala atawapatsa moni, a Mtsempha anawagwira dzanja ngati munthu wamba, n'kuligwedeza.

"Ayi, izi sindingazipirire," anatero mayiwo, akupukuta dzanja pachovala. "Munthu uyu atifera ndi chisoni tikuona."

Ndiye a Mtsempha atangotuluka kukagula machesi, Ometa anathamanga n'kuzula waya. Anaima kaye akuganiza, kenako anabayapo makina awo. "Popeza wazulidwa kale," anatero, "magetsi asawonongeke."

A Mtsempha anabwera, anaona kachigwa, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ankangondiyesa! Akazi!" Anadya mbale ziwiri, anayeza bwalo lonse ndi galu yemwe. Ndipo za kuchipatala zinathera pomwepo.

M'mawa wina Sutikesi anakhala pambali pawo, n'kuwagwira pamkono ndi zala ziwiri monga iwo ankachitira. Anamulola, akumwetulira. Mtsempha wa a Mtsempha unkayenda ngati minibasi yothera mafuta: kuthamanga, kuima, kudzidzimuka.

"Amalume, tiyeni lero. Ndikuperekezani."

"Ndikudziwa zimene wamva. Ndimadziyeza ndekha, ukuganiza kuti ndine mwana? Akakandiona akandigoneka. Ndiye Achemwali akhale masiku osamwa, kutentha konseku?" Anamusisita paphewa. "Iwe mtima wako uli kale pabwalo la ndege, sindikukuimba mlandu. Koma ine wodwala sindinamusiyepo panjira. Mvula ikagwa, tipita."

Mawu anafika pamilomo. Ndi ife, amalume. Ndine. Koma anaona nkhope ija, ya munthu amene kwa nthawi yoyamba wina akumudikira pakhomo, ndipo anakumbukira mpando wotembenuzidwa uja. Anati awauza mawa. Mawa lake anati awauza akamaliza kudya. Zengerezu analinda kwawukwawu.

A Mtsempha anagwa masana ena, mvula isanabwere, ali pakati popereka lipoti kwa wogulitsa mazira. Mu ambulansi anatsegula maso, n'kumvetsera injini.

"Uyu anamuphunzitsa ndani? Sintha giya, iwe! Ukuipha galimoto!" Kenako anafufuza dzanja la Sutikesi. "Ukawauze Achemwali kuti sindichedwa. Adzikakamize, olo pang'ono."

Anagonekedwa, ndipo sanatulukemo ndi miyendo yawo.

Masiku onse amene anali m'chipatala, palibe anayandikira batire. Magetsi anathima, mafoni anafa, Ometa anabwerera ku lumo ndi sizasi. M'mawa wa tsiku loika maliro, Sutikesi anapita pamtengo, atavala diresi lakuda limene analipeza pansi penipeni pa sutikesi, moti anachita kukhuthula zonse pabedi. Anayang'ana kagalasi. Mzere unali kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, wosaphonya tsiku. Ngakhale masana amene amalume ake anatsirizika, Achemwali anamwa mpaka kukhuta.

"Zili bwanji?" anafunsa Ometa, atavala jekete yowathina.

"Akumwa."

"Masiku onsewa?"

"Onse."

Ometa anayang'ana m'mwamba, m'masamba obiriwira aja. "Mtengo wopanda ulemu," anatero.

Mayi Telala anafika, anaona, n'kugwira pakamwa. Kumsewu galimoto yonyamula bokosi inali italiza kale injini. Sutikesi anawerama, n'kuzula waya. Sanabayepo kanthu. Anaugoneka pansi bwinobwino, onse atatu n'kupita kukakwera.

Masiku ano bwalo lija ndi bwalo chabe. Zingwe zoyanikira zinabwerera panthambi. Munthu amatha kuchoka pachipata mpaka kuchimbudzi popanda womuimitsa, ndipo ambiri amati ulendowo unatalika. Ukakumana ndi wa pabwalopo n'kumupatsa moni, umaona dzanja lake likubwera chagada, mkono uli poyera, kenako amalitembenuza mwamanyazi. Palibenso womuuza munthu m'mawa kuti ali moyo, apite. Aliyense amangodziganizira yekha.

Batire imakhala yodzaza ngakhale magetsi athime sabata yathunthu. Sutikesi akadali pomwepo, akunenabe kuti wangodutsa, ngakhale kuti zovala zija sanazibwezeremo. M'mawa amapukuta kagalasi ndi mpango wa amalume ake. Alendo akafunsa za chidacho amawafotokozera bwinobwino za singano ziwiri ndi kutentha, ngati wophunzira. Koma ena amabweza mzere m'mbuyo, n'kupeza pamene unagona tsiku lathunthu pakati pa mapiri, ndipo amafunsa kuti apa panachitika chiyani.

"Apo," amatero Sutikesi, "sanamwe. Kunali maliro."