Bayisikopo ya Che Abdulkarim Yoyenda Chafutambuyo

Anzanga inu, kwathu kwa Maganga tinali ndi munthu amene ankaonetsa bayisikopo yoyambira kumapeto n'kukathera koyambira, ndipo kwa zaka zisanu palibe ndi mmodzi yemwe amene anatulukira. Ndikunena Che Abdulkarim, telala wamfupi uja, wa pakamwa poyabwa ngati chitedze. Ukawapatsa nsalu ankakusokera malaya n'kukuikira chipongwe cha basera.

Zinayamba mu 1946, asilikali akubwera kunkhondo ya ku Bama. Che Abdulkarim anayenda wapansi mpaka pa siteshoni ya Salima kukachingamira mwana wawo mmodzi yekhayo, Abbas. M'sitima munatsika ana a eni ake, koma Abbas ayi. Kunangobwera kalata ya boma ndi kachikwama momwe munali bulangete, kapu yachitsulo ndi buku lachingerezi la zithunzi zokhazokha, lija anthu ake mawu amawatuluka m'kamwa ngati thovu. Kalatayo anawawerengera kamodzi, iwo n'kuisomeka kudenga. "Munthu safa ndi pepala," anatero, ndipo nkhani ya sadaka anakaniratu.

Bukulo ndiye analikonda koopsa. Ankati ali mnyamata ku Halale anaonera bayisikopo kasanu, ngakhale amene anali nawo limodzi kumeneko ankalumbira kuti anangosuzumirapo kamodzi pa mpanda, mlonda n'kuwathamangitsa.

"Zithunzi zongokhala phee ndi manda," anatero tsiku lina. "Zangazi ziyenda."

Anazidula chimodzichimodzi ndi sizasi, n'kuzimata ndi phala la chinangwa pa nsalu yoyera yaitali. Nsaluyo musafunse kumene inachokera. Chaka chimenecho amuna onse a m'mudzi mwathu tinkayenda michombo ili pamtunda, telala akutiuza kuti ndi fasho ya ku Joni. Anatenga bokosi la tiyi, kulibowola zenera, kukulunga nsalu ija pa nsungwi ziwiri, pedulo ya njinga n'kukhala chopukusira. Akapukusa, zithunzi zinkadutsa pazenera paja.

Tsono apa ndi pamene panagona nkhani. Che Abdulkarim sukulu yawo inali ya ku madrasa basi, ndipo kwa iwo buku lililonse limatsegulidwa ngati Kurani, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Chithunzi chotsiriza cha m'bukumo ndi chimene anayamba kumata.

Lachisanu lililonse masana, anthu akatuluka mumzikiti, tinkadzaza pansi pa mango wa pakhomo pawo, Asilamu ndi ife Akhristu omwe. Shehe ankati zithunzi ndi haramu, koma mikanda yawo yopempherera inkawagwera pafupi ndi mtengo womwewo sabata ndi sabata, ndipo kuifunafuna kwake kunkatha bayisikopo ikatha.

"Bisimila!" Che Abdulkarim ankayamba. "Onani mnyamata wathu wagona pansi, anzake akumulira. Akulira chiyani opusawa? Taonani, wadzuka!"

"Nanga magazi aja apita kuti?" ankafunsa Elsie wogulitsa usipa.

"Abwerera m'thupi! Azungu sataya kanthu, sali ngati amuna anu aja otaya ukonde ndi bwato lomwe."

Kenaka kunkabwera wakuba atamangidwa unyolo. Apolisi n'kumumasula, iye liwiro la mtondo wadooka, thumba lili kumsana, n'kukwera pazenera la sitolo. Chithunzi chotsatira sitolo yadzaza katundu, mwini wake ali mtulo akumwetulira.

"Wakuba wa ku Ulaya ameneyo, amabweza yekha! A Yakobo, mukuona? Nkhafi yanga ija ikadali kwanu."

Yakobo, msodzi mnzathu, ankangowerama ife tikugubuduka ndi phwete. Za ukwati ndiye musanene. Mwamuna ndi mkazi ankayamba ndi kupsompsonana, kenaka kukangana, pomaliza n'kudutsana pamsewu ngati sadziwana.

"Apa pokha Azungu tikufanana nawo," ankatero telala uja.

Mphemvu nazo zinkakonda phala la chinangwa lija. Zitadya mutu wa hatchi, iwo anati ndi bulu wa ku Makka wosafuna kuonedwa nkhope. Zitadya mfumu ya adani kuyambira m'khosi kupita kumwamba, anati munthu woipa amaoneka choncho pamaso pa Mulungu.

Koma ikamafika kumapeto chipongwe chinkatha. Mnyamata uja ankakwera sitima yapamadzi, kenaka galimoto, ndipo pa chithunzi chotsiriza anali pakhomo la nyumba atagwirana chanza ndi nkhalamba, mayi akupukuta misozi pambali. Che Abdulkarim ankangoti, "Wafika. Alihamudulila." Aliyense m'bayisikopomo anamupatsa dzina la munthu wa m'mudzi, koma mnyamatayo sanamutchule dzina ngakhale kamodzi. Tonse tinkadziwa kuti ndi ndani. Akazi awo, Abiti Idi, zina zonsezo sankaonera. Ankatuluka m'khitchini pa chithunzi chomalizachi basi, kuchiyang'ana, n'kubwerera.

Ndiye mu 1951 kunabwera aphunzitsi a Jameson ochokera ku Chitala, munthu wovala tayi ngakhale mu Okutobala, amene ankakonza Chingerezi cha pa zitini za palafini. Anakhala kutsogolo, magalasi ali pamphuno. Sipanapite nthawi anaimirira.

"Abambo, taimani kaye. Tsamba ili lalembedwa sate, lotsatira twente naini. Kodi kwanu kuno mumawerenga chotsika?"

"Aphunzitsi, khalani pansi, mukutchinga ana."

"Anthuni, mukunamizidwa! Mwaiyamba kumchira nkhaniyi. Wakuba uyu sakubweza, akuba! Ndipo mawu ali apawa sakunena kuti takulandira, akunena kuti tsalani bwino."

Ee, anthu ndife oipa. Ife tomwe tinaseka nawo zaka zisanu tinayamba kuwakuwiza. "Zoona, Che Abdulkarim? Pukusani mmene akunenera aphunzitsimo tione!" Yakobo ndiye ankafuula kuposa onse, poti anapeza pobwezera. Ineyo ndinakuwa nawo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira manyazi amandigwira.

Telala uja anatiyang'ana tonse, n'kulavula pambali. Anakulunga nsalu yonse mpaka kumapeto, n'kuyamba kupukusa motsata manambala aja. Aphunzitsi ndi amene ankamasulira, mawu ali m'mwamba ngati ali m'kalasi. Mnyamata akutsanzika atate ake. Wakwera galimoto. Wakwera sitima yapamadzi. Wakuba waba, wagwidwa. Poyamba tinkaseka, koma adani atayamba kuwombera kuseka kunazilala. Mawu a aphunzitsi nawo anayamba kutsika, chifukwa Elsie anali atawanong'oneza kanthu kukhutu. Pomaliza pazenera panaima chithunzi chija tinkayamba nacho masiku onse: mnyamata ali gone pansi, anzake akumulira. Ndipo kuseri kwake kunalibe china.

Abiti Idi anali atatuluka m'khitchini monga mwa masiku onse. Anayang'ana, anadziphimba kumaso ndi mpango, n'kulowa m'nyumba.

"Ndi imeneyi yolondolayo, aphunzitsi?" anafunsa Che Abdulkarim.

"Ndi mmene analembera, abambo."

"Yanuyi ndili nayo kale. Boma linanditumizira, ili kudenga uko. Inu sukulu yonse ija munapitira kuti mudzandiwerengere kachiwiri?"

Aphunzitsi anavula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi, kuwapukuta, kuwapukutabe. Che Abdulkarim anagwira pedulo ija.

"Bisimila. Onani mnyamata wathu wagona pansi. Akulira chiyani opusawa?"

"Wadzuka!" anayankha Yakobo. Tsiku limenelo palibe anachoka mpaka mnyamatayo atafika kwawo. Mawa lake nkhafi ija inapezeka itatsamira pakhonde la telala.

Aphunzitsi a Jameson ankabwerabe Lachisanu sukulu akatsekera, kukhala kumbuyo, ndipo sanawerengenso nambala ya tsamba lililonse. Che Abdulkarim sanawakhululukire msanga. Bulu wopanda mutu uja anamutcha Jameson mpaka imfa yawo.

Anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola mpunga. Masiku ano kumabwera galimoto ya boma kudzationetsa bayisikopo yeniyeni, yoyenda yokha, yotiphunzitsa kukumba zimbudzi ndi kulima mizere. Imayamba koyambira n'kuthera kumapeto, ndipo palibe amene imamutchula dzina. Malaya athu tsopano amafika m'chiuno bwinobwino. Lachisanu anthu akatuluka mumzikiti amangodutsa pa mango paja, mikanda ya Shehe inasiya kugwa, ndipo m'bokosi la tiyi lija mukuikira nkhuku za Abiti Idi. Nsalu yokhayo anaisunga mayiwo, ataikulunga moti chithunzi cha pakhomo chili pamwamba.

Tsiku la maliro, tikubwera kumanda, ndinayenda limodzi ndi aphunzitsi a Jameson. Titafika pa mango paja anaima, n'kuyang'ana bokosi lija lili pakhonde.

"Achimwene," anatero, "palibe amene angatipukusireko mobweza?"