Nsomba Zinawaulula Masanasana

Pulani yonse inaphikidwa pa bala, botolo lachinayi litafika pakati. Profesa, yemwe dzinali analipata chifukwa chovala mandala pomwe maso ake ndi abwinobwino, anatsamira patebulo.

"Aise, ku famu ya nsomba ija kwabwera ufa wamavitamini. Amausakaniza m'chakudya, nsomba n'kumanenepa ngati ana a nkhumba, matenda osaziyandikira. Tikautenge, tikagulitse kwa anyamata onyamula zitsulo aja. Chokulitsa nsomba chingalephere munthu?"

Chiwaya, mlamu wake, anakayikira. Mkazi wake anali atamuuza kuti akadzangogonanso m'chitokosi, zovala adzazipeza panja. Koma akanakana bwanji pamaso pa Gogoda, chimphona chomwe chinali chitayamba kale kusisita minofu yake?

"Usiku kuli agalu," anatero Profesa. "Ife madolo tipita nthawi ya nkhomaliro, titavala maovolosi ngati antchito."

Mawa lake zinayambadi bhobho. Mlonda anali m'tulo pansi pa mtengo, chipewa kumaso. Chitseko cha mosungira katundu chinali chosakiya. Aliyense anasenza thumba lake, n'kulowa kanjira kopapatiza pakati pa maiwe awiri.

Chomwe Profesa sanachidziwe n'chakuti nsomba zoweta zikaona ovolosi ndi thumba, zimati chakudya chafika. Madzi anayamba kuwira. Nsomba zikwizikwi, kukamwa yasa, phavaphava, kuwatsatira mbali zonse ziwiri.

"Alamu, zikutilondola!" ananong'ona Chiwaya.

"Zipatseni pang'ono zikhale chete," analamula Profesa.

Chiwaya anaboola thumba n'kuwaza dzanja limodzi. Kunali kuputa mavu. Phokoso linafalikira famu yonse. Gogoda anati aziopseze ndi phazi, anaterereka, khuvu m'madzi ndi thumba lomwe! Thumbalo linaphulika, iye n'kuvuuka ali mbuu, nsomba zikumujompha khosi ndi m'khwapa.

"Mayi wanga ine! Zikundidya!"

Atatembenuka, Chiwaya anangoona mayi mwini famu ataima kumapeto kwa kanjirako, kapu ya tiyi ili m'manja. Mbali inayo kunali mlonda, ali maso tsopano, chibonga paphewa.

"Ndinu ndani inu?" anafunsa mayiwo.

Profesa anakonza mandala ake. "Odyetsa nsomba atsopano, mayi."

Mayiwo anapsontha tiyi wawo mosafulumira.

"Zakhala bwino, antchito anga awiri akudwala. Geti ndakiya, apolisi akuti afika pakatha maola awiri. Ufawo sitiwaza wokha ayi: masipuni atatu pa ndowa ya chakudya, n'kusakaniza bwino. Maiwe alipo khumi ndi awiri. Vuulani mnzanuyo muyambepo."

Apolisi anawapeza pa dziwe lachisanu ndi chinayi, thukuta lili kamukamu. Chiwaya, msana utauma ngati thabwa, anatambasula yekha manja kuti amuveke unyolo, akuthokoza chamumtima.

"Pepani bwana," anatero mayiwo kwa wapolisi wamkulu, akumukokera mpando pamthunzi. "Atsala ndi maiwe atatu. Mumwa tiyi?"

Wapolisiyo anakhala pansi n'kuvula chipewa.