Maliro amene ndinakhuza ku Liverpool

Amayi anzanga, amene ali ndi kapu ya tiyi m'manja ayambe waika pansi, chifukwa akadzithira ine ndilibe mlandu.

Mukundidziwa ine Nachisale. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma mutu wangawu sutaya kanthu. Mundifunse lero za maliro a malemu bambo a Tadala, ndikuuzani amene anagona pa siwa, amene anafika titakwirira kale, ndi amene anangodya n'kupukuta pakamwa ulendo. Maliro n'kulirana, ndipo ine sindinadutsepo pa zovuta za munthu ngati sindikuona. Khalidwe limeneli ndi labwino, eti? Dikirani.

Chino n'chaka chachitatu ndili ku Salford kwa mwana wanga Tadala, namwino uja, kulera zidzukulu. Mwezi wathawu kunafika asewele anga, mayi ake a mkamwini wanga, kuchokera ku Ntcheu. Iwowa ndi mphunzitsi wopuma, Chingerezi chawo chimatulukira m'mphuno, ndipo chikwatirane ana athu amandiyang'ana ngati mwana wobwereza kalasi. Pakamwa pawo ndiye musanene. Chimene aona m'mawa, madzulo chamveka ku Ntcheu konse, mawa lake chakwera minibasi chafika kwathu ku Dedza. Ndiye ndinati mumtima, mayi ameneyu akabwerere kumudzi ndi nkhani imodzi yokha, yakuti Nachisale uja Mangalande amamudziwa ngati kuseri kwa nyumba yake.

Ndinawauza kuti, “Asewele, Lachiwiri ndikupita nanu ku Liverpool, mukaone madzi amchere ndi tchalitchi chachikulu ngati phiri.”

Tadala anati, “Amayi, dikirani Loweruka ndili ofu, ndikuperekezani. Munangopitako kamodzi, ndi amayi a ku tchalitchi.”

Ine, “Kamodzi n'kochepa? Kumunda kwa apongozi ndinapitanso kamodzi, ndinasochera?”

Tinakwera sitima bwinobwino, tinatsika bwinobwino, ine patsogolo ngati tambala, asewele pambuyo ndi ambulera yawo. Kunja kunali kamvula kaja ka chiperoni, kosanyowetsa koma kozizira mpaka m'mafupa. Tinakwera chitunda, tchalitchi chija nachi, ine n'kuloza ndi chala ngati ndinamanga nawo.

Apo ndi pamene satana anandipeza.

Pambali pa tchalitchi panaima chibasi chakuda bii, chonyezimira. Munkatsika azungu okalamba okhaokha, khamu ndithu, ambiri atavala majasi akuda, akuyenda pang'onopang'ono, mitu pansi, palibe wolankhula ndi mnzake. Patsogolo panali mtsikana wa jekete yakuda, chikwama wachikumbatira pachifuwa, dzanja lina wakweza kandodo kokhala ndi kathabwa, milomo ikungogwedera yokha ngati akupemphera. Ndipo onsewo akutsetserekera kuti? Kumanda! Pansi pa tchalitchicho pali manda akale, miyala ili ndandanda.

Inu mukanaganiza chiyani? Nenani zoona.

Mtima wanga unangoti psuu. Ndinakumbukira bambo wina wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu ku Salford, tinkapatsana moni tsiku ndi tsiku, anamwalira ife n'kumva patatha masabata atatu. Popanda kulira, popanda moto panja, popanda ngakhale wotiuza. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti ndikadzakumana ndi maliro a mzungu, ndidzawaonetsa mmene anthu amaperekezera mnzawo.

Ndinati, “Asewele, zovuta izi. Tingadutse?”

Iwo anatsinzinira diso limodzi. “Zovuta? Koma pa kathabwapo palembedwa nambala seveni.”

“Ndi nambala ya manda. Kuno manda ali ndi manambala ngati nyumba.”

“Nanga timakhadi tili m'khosimo?”

“N'toitanira. Kuno maliro amachita kuitana ngati ukwati.”

“Ndiye ife tilibetu.”

“Asewele, Mulungu amafunsa khadi?”

“Chabwino, nanga tizingwe tili m'makutumo?”

“Ndi nkhalamba izi, sizimva. Mwabwera dzana inu, mverani ife eni dziko.”

Mayankho ankangotuluka okha, amayi, ngati ndinachita kuwaloweza. Ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa zitenje ziwiri, chifukwa ine ngakhale ku banki sindipita wopanda chitenje. Tinamanga pamwamba pa majasi, mipango kumutu, manja kumbuyo, n'kulowa pamzere.

Pasanapite nthawi ndinamuona namfedwa. Gogo wamng'ono thupi, wa ndodo, akupukuta misozi ndi kapepala, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe womugwira mkono. Ndinapita, n'kugwada pansi ponyowa pompo, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. “Sole, mama. Sole, sole.” Gogo uja anadzidzimuka, kenako anamwetulira n'kulankhula kanthu.

“Akuti chiyani, asewele?”

“Akuti ndi mphepo ikuwatulutsa misozi.”

“Mwaona kulimba mtima kwa azungu? Mwamuna wapita, iwo akunamizira mphepo.”

Ndinamukolowekera mkono, sindinamusiyenso.

Tinakaima pa kanyumba kamiyala kozungulira, pakati pa mandapo. Mtsikana uja analoza, milomo ikugwederabe, anthu onse n'kutulutsa mafoni kuyamba kujambula. Asewele anandinong'oneza, “Bokosi lili kuti?”

“Kuno amawotcha. Phulusa lili m'chikwama chakumbatiridwacho.”

Ngati wandimva, mtsikana uja anatsegula chikwama, n'kutulutsa kachitini kachitsulo kotalika. Ndinati basi, nthawi yakwana, n'kutsinzina. Potsegula maso ndinapeza wachotsa chivindikiro, akumwa!

Asewele ananditsina m'nthiti. Ine thukuta linatuluka kuzizira konse kuja, koma munthu ukayamba kutsogolera subwerera. Ndinati, “Ndi mwambo wawo. Tisamaweruze.”

Chimene chinandipweteka ndi ziii uja. Munthu wakhala padziko, wabereka, wakalamba, n'kumuika ngati mphaka, popanda nyimbo? Ndinakonza kukhosi, n'kuyambitsa nyimbo ija timaimba bokosi likamatsika. Vesi loyamba ndinaimba ndekha. Koma asewele paja ndi a kwaya zaka zonsezi, nyimbo ikamalira yopanda alito thupi limawayabwa. Pa kolasi anangolowa. Amayi inu, tinaimba! Manda aja ali m'chigwa, mawu ankagunda miyala n'kubwerera. Ine ndinakumbukira bambo a Tadala, misozi yeniyeni n'kuyamba kutsika, mpaka ndinaponya kamfuu kamodzi, “Mayo ine!”

Mafoni onse anatembenukira kwa ife. Titamaliza, anthu aja anaomba m'manja. Kuomba m'manja pamanda! Bambo wina wa kabudula, mawondo ofiira ndi kuzizira, anaimba mluzu n'kukuwa kuti tibwereze. Mtsikana uja anali kalikiliki kutembenuza mapepala ake, uku akutiyang'ana, uku akuyang'ana pepala, ngati akufuna dzina lathu pa pologalamu.

Ndinati, “Mwaona, asewele? Anthuwa ali ndi ludzu. Palibe anawaimbirapo.” Tinawapatsa yachiwiri.

Mvula inakula, onse n'kuthamangira kubasi. Asewele anati, “Tawathandiza, tiyeni tizikaona madzi aja.”

“Kuchoka kumanda osakafika pa siwa? Mwaleredwa kuti inu? Tikatsanzike kaye.”

Ndipo namfedwa wanga uja ankandikoka dzanja, akuseka, akuti tiyeni, tiyeni. Tinakwera. Kumbuyo kunali mipando iwiri yopanda anthu, ine n'kuti mwaona, Mulungu amakonzeratu. Mtsikana uja anali pa foni, anangoima kutsogolo n'kuwerenga mitu ndi chala, nambala inakwana, basi inanyamuka.

M'njira anatenga chimkuzamawu n'kuyamba kulankhula, anthu gwagwagwa kuseka. Ndinati, “Ndi mbiri ya malemu iyi. Anali wanthabwala.”

Asewele anamvetsera kanthawi. “Akukamba za nyumba zakale, za madoko, ndi anyamata ena oimba magitala.”

“Ndiye kuti malemu anali wa bandi.”

Asewele anangoluma mlomo, n'kuyang'ana pawindo, mapewa akugwedezeka. Ine n'kumati mayi wagwidwa ndi chisoni, mpaka ndinawasisita pamsana. Lero ndikudziwa kuti apo anali atamvetsa zonse, anangoti musiyeni mwini dziko afike nazo kumapeto.

Basi inatsikira kumadzi, n'kuima. Kutsogolo kwathu kunali chinyumba choyera mbee, nsanjika pamwamba pa nsanjika, mawindo osawerengeka, chipatala cha Tadala n'chaching'ono. Ndinati, “Siwa yake ndi imeneyi? Koma malemuyu anali ndi zinthu!”

Chinyumba chija chinalira. Buuuu! Poyang'anitsitsa, chili pamadzi. Chili ndi zingwe. Chombo, amayi!

Anthu aja ankadutsa pageti mmodzimmodzi, aliyense akuonetsa kakhadi ka m'khosi kaja. Ife tafika, mlonda watambasula dzanja. Ine ndinamugwira dzanjalo ndi manja awiri, “Sole, sole.” Anaitana mtsikana uja. Iye anabwera foni ili kukhutu, nkhope yofiira ngati phwetekere, anatiyang'ana, anayang'ana pepala, n'kugwira kumutu.

Ndinati, “Asewele, tamufunsani mwini zovuta ndani kuti titsanzike, tizipita.”

Asewele anakonza mpango, anaima chilili ngati ali kutsogolo kwa kalasi, n'kutsegula Chingerezi chawo chija. Analankhulana nthawi ndithu. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kumatulutsa mawu limodzilimodzi ngati akuyamwa nzimbe.

“Akuti awa ndi alendo a m'chombomu. Amazungulira maiko pamadzi kukondwerera ukalamba wawo. Afika m'mawa, anyamuka madzulo ano. Mtsikanayu ntchito yake ndi kuwaonetsa mzinda tsiku limodzi. Amalankhulira pa kachipangizo, iwo amamvera m'makutumo. M'kachitini muja munali khofi.”

Ndinafunsa, “Nanga namfedwa?”

“Amuna awo ndi a kabudula aja, oimba mluzu.”

“Koma pamanda paja pali munthu, asewele. Musandipusitse. Womwalira alipo!”

Asewele anafunsanso. Mtsikana uja, mkwiyo uli apo, anayamba kuseka mpaka anagwira geti.

“Akuti alipodi, ndipo akuthokoza m'malo mwa banja. Koma akuti mwachedwa pang'ono. Anaikidwa zaka pafupifupi mazana awiri zapitazo.”

Ndinafuna madzi aja angonditenga. Koma sizinathere pomwepo ayi. Mipando iwiri ija Mulungu anatikonzera inali ndi eni ake, bambo ndi mayi ena amene analowa m'chimbudzi cha ku tchalitchi ife tili pa nyimbo yachiwiri. Mitu yathu ndi imene inakwaniritsa nambala, iwo n'kutsala. Chombo chatsala pang'ono kunyamuka, mankhwala awo ali m'chombomo, mtsikana ntchito ili pa ulusi. Apo ndiye ndinapemphera zenizeni, osati za pamanda zija. Tinaima pageti ngati akuba nkhuku, zitenje zikudontha madzi, mpaka takisi inafika. Anatuluka atanyowa chonchi, bamboyo akulankhula zinthu zimene asewele anati sangamasulire chifukwa ndi Mkhristu.

Namfedwa wanga, Mulungu amudalitse, anabwerera kuchokera pageti, anandikumbatira, amuna ake a kabudula n'kutijambula. Akuti pa zonse anaona tsiku limenelo, zathu ndiye zinaposa. Ndiye dziwani kuti pamene ndikulemba pano, nkhope yanga ili pakati pa nyanja m'mafoni a nkhalamba, kukamwa kuli yasa, ndikulira munthu amene ngakhale agogo a agogo anga sanamupeze.

M'sitima pobwerera ndinayesa kukonza. “Asewele, izi zithere mommuno. Pajatu inunso munaimba.”

“Ine? Ine ndinangothandiza mnzanga woferedwa.”

Analonjeza kuti sauza munthu, ndipo zoona, sananene liwu kwa Tadala kapena kwa mwana wawo. Koma m'mawa uliwonse ndikamalowa kukhitchini, amasiya kapu, amagwada pang'ono, amandigwira dzanja ndi manja awiri, nkhope yachisoni, n'kuti, “Pepanitu asewele ndi zovutazi. Mwagona nazo bwanji?” Dzulo Tadala anachita kundikokera kuchipinda, maso ali tong'o, “Amayi, wamwalira ndani kumudzi? Mukundibisira chiyani?”

Asewele akukwera ndege Loweruka likubwerali. Lonjezo lija ndikulidziwa, lidzathera pa bwalo la ndege, akadzangoponda dothi la kwathu. Ndiye ndati ayi, mbuzi yanga ndisenda ndekha. Mwaimva kwa mwini wake, yopanda mchere wa ku Ntcheu, ndipo akadzakuuzani kuti ndinadzigwetsa pansi n'kugubuduka, limenelo ndi bodza, ndinangoterereka.

Kuyambira lero, kaya mzungu alire mpaka agwe, kaya avale zakuda mpaka mano, ine Nachisale chitenje sichituluka m'chikwama ndisanaone bokosi ndi maso angawa. Ndipo ndikaliona, ndidzayamba ndafunsa kuti mwini wake wamwalira chaka chiti.