Zalembedwa Pati?

Mayi Araba Bentsil a ku Saltpond anali ndi funso limodzi lokha, ndipo anatizunza nalo zaka makumi anayi: "Zalembedwa pati?"

Anali kalaliki wa kukhoti wopuma. M'chikwama mwawo simunkasowa buku la malamulo a dziko, lonona ndi mafuta a nsomba. "Amuna sindidana nawo," ankatero, "koma lamulo likhale limodzi, sukulu imodzi, khomo limodzi."

Bambo Nyarko, mkulu wa padepoti, atakaniza mtsikana wina kuyendetsa minibasi, anaona zakuda.

"Zalembedwa pati?"

"Ndi mwambo, mayi."

"Tsamba lanji?"

Mayi Araba anakhala pa boneti ya minibasiyo tsiku lonse akudya kenke, nsima yathu yokulunga m'masamba, mpaka mtsikanayo anapatsidwa makiyi. Nafenso akazi sankatisiya. Ukangoti mwamuna sasinja fufu, nsima ya chinangwa ija, buku latuluka kale, musi uli m'manja mwa amuna ako.

Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera kudzatenga nyumba monga mwa mwambo. Mayi Araba anakhala pakhomo n'kuwawerengera lamulo la chuma cha masiye mokweza, masiku atatu, mpaka anthuwo anathawa makutu akulira.

"Ekuwa," anandiuza akutseka bukulo, "ndikadzafa, bokosi langa mudzanyamule akazi. Iwe ndiwe wamtali, udzakhale kutsogolo."

Ndinalonjeza ndikuseka.

Anamwalira mu Malichi. Sindinalire. Ndinkaphika, kuchapa, kusesa, mumtima muli zii.

Tsiku loika maliro amuna asanu ndi mmodzi anazungulira bokosi, Bambo Nyarko kutsogolo. Ndinayandikira ndi anzanga asanu.

"Akazi amalira, amuna amanyamula," anatero Bambo Nyarko. "Khalani pansi, mayi."

Kunena zoona, ndikanakhala. Mphamvu zokangana ndinalibe, buku ndinalibe. Koma pakamwa panayankhula pokha:

"Zalembedwa pati?"

Bambo Nyarko anayang'ana bokosilo nthawi yaitali, kenako anachotsapo dzanja.

"Nyamulani msanga," anatero, "asanadzuke n'kufunsa tsamba."

Tinanyamula. Anali opepuka, abale inu, munthu amene ankalemera tauni yonse.

Masiku ano padepoti anthu amangonena zilizonse, palibe wotsegula chikwama. Misozi sinabwerebe. Phewa lokha ndi limene likundiwawa mpaka lero, ndipo sindikulipaka mankhwala.