Khwanya wa ku South Bend

Pabalaza kwa mwana wanga Tadala pali chithunzi cha chinkhoswe chake, ndipo ndamupempha kangapo kuti achitsitse koma amakana. Mlendo akalowa amayamba wayamikira mkwatibwi, kenako maso amafika pa ine, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi amayiwa anapsa ndi moto?" Ayi abale anga, sunali moto. Chinandiwotcha ndi pakamwa pangapa.

Tadala anakaphunzira ku South Bend, mzinda wina wa kuno kwa azungu kumene tikukhala, n'kubwerako ndi digiri komanso mnyamata dzina lake Marek. Mwana waulemu, amagwada popereka moni (Tadala anachita kumuphunzitsa, ndiye amagwada ngati akufuna kumanga zingwe za nsapato). Mayi ake anamwalira kale. Otsala ndi bambo ake, a Jozef, a ku Slovakia, amene amakhala okha ku South Bend komweko, m'nyumba yoyang'anizana ndi nkhalango. Chinkhoswe chitayandikira, a Jozef anatiitana kuti tikadziwane bwino. Anati tikafuna bowa limodzi, poti kwawo munthu amene akumulemekeza amamutengera ku bowa.

Tadala anandiimbira foni usanafike ulendowo. Iyeyu Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chingerezi basi.

"Mum, please, just be natural," anatero.

"Ndiye kuti chiyani? Masiku onsewa ndine wapulasitiki?"

Anandifotokozera, m'chizungu chakecho, kuti ndisakachite zanga zija zofuna kupambana aliyense. Zinandiwawa. Ine kupambana aliyense? Pomwepo ndinatsimikiza kuti ndikawaonetsa asewele angawo kuti mwana wawo akukwatira kubanja la anthu odziwa zinthu.

Ndinamugwira Marek kuti andiphunzitse mawu akwawo okhudza zakutchire. Chilengedwe amati príroda. Nkhalango ndi les. Bowa ndi huby. Nditamufunsa za natural wa Tadala uja, anati kwawo alipo mawu awiri: prírodný ndi chinthu chochokera kutchire, monga uchi, pomwe prirodzený ndi munthu wosadzipanga. Lachiwirili linkandilumitsa lilime, ndiye ndinalitaya n'kutenga loyambalo.

Njira yonse kuchokera kwathu ku Beech Grove ndinkabwereza mawuwo m'galimoto. Prrr, prrr. Bambo a Tadala, amene ankadraiva, anapirira mpaka tinadutsa minda ya chimanga ingapo.

"Mayi, kodi mukuitana nkhuku?"

"Inu yang'anani msewu."

Titafika, ndisanatsitse ndi chikwama chomwe, ndinatambasula manja n'kuwauza a Jozef kuti, "Milujem prírodu!" kutanthauza kuti ndimakonda chilengedwe. Abale inu, mkuluyo misozi inalengeza. Anandigwira dzanja n'kunditchula kuti svatka. Marek anandinong'oneza kuti ndiye kuti asewele, ndipo ineyo ndiziwatchula kuti svat. Tangoganizani, zaka zonsezi Chingerezi chakhala chikundisowetsa mawu amenewa, n'kukawapeza kwa anthu a ku Slovakia! Ndinawakonda pomwepo, ndipo mutu unayamba kukula.

Pomwa tiyi anandifunsa ngati ku Malawi timadya bowa. Ha! Anaputa mavu. Ndinawauza za utale waukulu ngati ambulera. Ndinawauza kuti kwathu ku Dedza mwana amadziwa tsamba lodyedwa ndi losadyedwa asanadziwe dzina la abambo ake, ndipo ine amene tchire ndimaliwerenga ngati Baibulo. Bambo a Tadala anatsokomola. Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo.

(Chilungamo chake ndi ichi. Ine ndinabadwira ku Ndirande n'kukulira konko. Ku Dedza ndi kwa agogo a amayi anga. Bowa ndinkamuona m'mbale pa Lizulu, kudzera pawindo la basi, ndipo ndiwo zamasamba zonse zimene ndadya moyo wanga zinali zoika kale pamulu.)

Tinalowa m'nkhalango. Bowa wa kunoyu ndi wina, wamng'ono, wamaenjemaenje ngati chisa cha njuchi, ndipo amabisala m'masamba ouma mochita kufuna. A Jozef ankangowerama n'kudzuka naye. Marek anapeza. Tadala anapeza. Mpaka bambo a Tadala, munthu amene sokosi yake yomwe saipeza m'nyumba, anapeza wawo n'kuyamba kumuyendetsa m'mwamba kuti ndione. Ine katswiri wa ku Dedza, dengu langa mbee! A Jozef ankandiyang'ana mwachifundo, ndipo chifundocho ndicho chinandipweteka koposa.

Ndinapatukira kumbali ndekha, mtima ukuwira. Tsoka silinunkha. Nditazungulira mtengo wina waukulu, ndinaona masamba atayanga pansi, ena akukwera mtengowo ngati nyemba. Masamba atatuatatu, anthete, owala bwino. Ndinati Mulungu simunanditaye. Khwanya! Khwanya wodzimerera yekha, wambirimbiri, azungu akumupondaponda osadziwa kuti ndi ndiwo.

Ndinavula chitenje m'chiuno n'kuchiyala pansi. Ndinathyola mwaluso, nsonga zanthete zokhazokha, kutsina ndi zala monga ndinkaonera amayi apamsika. Tsamba lina ndinalitikita m'manja n'kulinunkhiza (fungo silinali la khwanya kwenikweni, koma ndinati ndi dothi la kuno). Kunkatentha, ndiye ndinkapukuta thukuta ndi manja omwewo, pachipumi, m'maso, m'khosi. M'mutu ndinali nditayamba kale kusinja nsinjiro. Nditadzaza, ndinamanga mfundo, phukusi pamutu, n'kutulukira kwa anzanga ndikuimba nyimbo ya kwaya.

"Svat!" ndinaitana. "Bwerani muone. Prírodný!"

Ndinatula phukusilo n'kulimasula pamaso pawo.

A Jozef anagwetsa dengu. "Ježišmária!" anakuwa, ndipo ngakhale mawuwo Marek sanandiphunzitse, ndinawamva bwinobwino. Anawola masambawo ndi manja awo ali osavala kanthu, n'kuwaponya kutali pamodzi ndi chitenje changa chomwe. Tadala anagwira pakamwa.

"Mum, that's poison ivy."

Dzinalo ndinkalimva kwa anzanga kuntchito, koma nkhope yake ndinali ndisanaione. Bambo a Tadala anandimasulira mwachidule: "Chitedze cha kuno, mayi. Mwasenza chitedze pamutu."

Anandithamangitsira kunyumba n'kunditsuka manja ndi nkhope ndi sopo wotsukira mbale, ngati poto. Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Ine ndinaseka n'kunena kuti zimenezo zimagwira azungu, khungu la ku Dedza silimva zachibwana. Tsiku limenelo sindinamve kanthu. M'mawa mwake sindinamvenso kanthu, mpaka ndinamuimbira Tadala kuti awauze apongozi ake asadandaule.

Kenako zinayamba. Poyamba pakati pa zala, ndiye m'khosi, ndiye zikope. Kuyabwa kwake kosati koseweretsa, kofuna udzisende wekha ngati mbatata. Matuza anandandalika m'khosi monse, milomo inatupa, diso limodzi linatsekeka. Nditatuluka kuchipinda, bambo a Tadala anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Pepani mayi, mwawaonako akazi anga?"

Sindinaseke. Adokotala anandipatsa mapiritsi ndi mankhwala odzola apinki, n'kundiuza kuti zitenga nthawi. Nthawi iti? Chinkhoswe chinali Loweruka lomwelo, muholo ya tchalitchi chathu chakufupi ndi Lafayette Road. Nsalu ndinali nditasoketsa kale, duku lake lomwe. Mayi wa mkwatibwi ndiye amatsogolera kuvina, kutsogolo, makamera onse ali pa iye. Ndipo amayi a kutchalitchi kwathu ndimawadziwa, nkhani ikanafika ku Ndirande keke asanadule.

Ndinamuimbira Tadala. Ndinati sindibwera, awauze anthu kuti BP yakwera, azakhali ake aimirire m'malo mwanga. Apo mwana amene sindinamumvepo akumaliza chiganizo cha Chichewa chiyambire sukulu ya mkaka anayankhula.

"Amama, ine mayi ndili nawo mmodzi. Marek alibe. Mukapanda kubwera, tonse tikhala opanda."

Ndinalira, ndipo misozi pa matuza imawawa, ndikuuzeni.

Loweruka ndinavala, duku ndinalitsitsa mpaka m'nsidze, magalasi akuda aakulu, nkhope yonse pinki. Koma titaima panja pa holo, nditaona anthu akulowa atatchena, mphamvu zinandithera. Ndinawauza bambo a Tadala kuti atsogole. Ndinatsala m'galimoto nditaweramira pansi, ndikumva nthungululu zikuyamba mkatimo, ndikudzida kuti mwana wanga akuyang'ana pakhomo.

Ndiye wina anagogoda pawindo, osati ndi chala koma ndi chigongono. Ndinadzutsa mutu. A Jozef, atavala suti yabwino, manja onse awiri atawakweza m'mwamba ngati dokotala wopita ku opaleshoni. Pinki mpaka m'mikono. Chibwano pinki, khutu limodzi pinki. Masamba anga aja anawawola ndi manja, ndiye nawonso anali atalandira gawo lawo.

Tinayang'anana, ine ndi diso limodzi. Anayamba ndi iwo kuseka, ine n'kutsatira, mpaka milomo yotupayo inang'ambika. Anandiuza kuti njira yonse kuchokera ku South Bend ankaopa kulowa okha pakati pa anthu osawadziwa ali chonchi, moti pena anafuna kubwerera. Kenako anakonza kukhosi, n'kutulutsa mawu amene nawonso anali atawabwereza m'galimoto mwawo.

"Asewele, tiyeni."

Tinalowa limodzi, titakolana zigongono poti manja sakanatheka. Holo yonse inatiyang'ana, kenako mayi wina kumbuyo anati, "Mayo ine!" ndipo nthungululu zinaphulika. Tadala anathamanga kudzatikumbatira, tonse awiri tinakuwa kuti asatikhudze. Za kuvina ndiye musanene. Munthu thupi likamayabwa, mapewa amagwedezeka okha, ndipo mpaka lero amayi a kutchalitchi amati sanandionepo ndikuvina bwino ngati tsiku limenelo.

Ndicho chithunzi chili pakhomacho: ana athu pakati, uku ine, uku a Jozef, ngati anatiponyera m'ndowa ya penti. Nditamufunsa Tadala chifukwa chake amakana kuchitsitsa, anati ndi chokhacho chimene sindikuyesa kupambana munthu. Mawu achiwiri aja, amene ndinawataya, a Jozef amati tsopano akundikwana, koma kuwatchula ndimalepherabe.

Safunsa anadya phula, ndiye masiku ano ndimafunsa. Dzana ndikutuluka kuntchito ndinaona kuseri kwa malo oimika magalimoto kwamera chinthu chofanana ndendende ndi bonongwe. Sindinapupulume ayi. Ndinathyola nditavala magolovesi, ndinajambula, n'kuwatumizira asewele kuti andiuze ngati ndi prírodný wodyedwa kapena wopha.

Sanayankhebe. Koma anyezi ndi matimati ndadula kale.