A Nkhungu ndi Ndowa Yawo ya Mchenga

Mayi wosoka zovala anayamba waona utsi, munthu pambuyo. Linali tsiku lomwe anabwerera pa makina ake ataika maliro a amuna ake, m'makutu muli ngati mwatsekedwa ndi thonje. Tsidya la msewu, pakhomo pa kashopu kokonza mawayilesi ndi mafoni, panaima mtambo woyera wa miyendo iwiri. Mtambowo utabalalika, munatuluka mdala wamfupi, wadazi, atagwira wometa tsitsi pa lamba.

"Khuthula m'thumbamo!"

"A Nkhungu, anthu akundidikira."

"Adikire. Batire lamaliseche, makiyi ndi chipeso chachitsulo, thumba limodzi? Zikakhudzana izi buluku lako lisanduka mbaula. Ukufuna kudzabereka kapena ayi?"

Amenewo ndiwo anali a Nkhungu. Dzina lawo lenileni mwina ankalidziwa ndi adokotala okha, amene anawaopseza mpaka kusiya ndudu. Anagula kaliwo wamagetsi wosutira madzi onunkhira onyowetsa thonje, wa kagudumu kokwezera ndi kutsitsira mphamvu ya moto, ndipo kuyambira pamenepo anasanduka mlaliki. Ulaliki wawo sunkasintha: yambira pansi, kweza pang'onopang'ono, kukanunkha chopserera tsitsa msanga. Osatchaja uli m'tulo. Batire likasupuka chikopa, lisiye. Koma wosasuta akapempha kulawako ankamuthamangitsa ndi tsache.

"Ine ndikutuluka m'dzenje, iwe ukufunsa polowera?"

Wometa uja sankamva. Tsiku lina anapotoza kagudumu ka kaliwo wake mpaka kumapeto, akuti atulutse mtambo woposa wa a Nkhungu. Anakoka kamodzi kokha, n'kutsokomola makina ometera ali pamutu pa munthu. Wometedwayo anatuluka ndi msewu woyambira pamphumi mpaka kunkhongo. A Nkhungu anamuperekeza ndi maso achifundo.

"Mwaona? Moto ukachuluka amavulala ndi osasuta omwe."

Msewu wonse unaseka mpaka kugwira nthiti. Mayi wosoka ankamva kusekako ngati kukuchokera m'nyumba ya eni. Ankangopalasa makina.

Kenaka a Nkhungu anayamba kuwoloka msewu. Ankafuna timatumba ta zigamba, batire lililonse kathumba kake, kuti azigawira aliyense, ngakhale agogo ogulitsa tomato amene sanaonepo kaliwo wamagetsi chibadwire. Mmawa wina ali mkati mofotokoza kukula kwa kathumba, anaima. Mphuno yawo inanjenjemera.

"Mayi a makina, muno mukununkha mango opserera."

Iye anaweramira nsalu.

"Inu simusuta. Ndani akuwotcha thonje muno?"

Dzanja lake linapita lokha m'thumba la epuloni. Munali kaliwo wa malemu amuna ake, pamodzi ndi mapini ndi kasizasi. Mayiyo sankamuika pakamwa. Ankangodina batani, n'kununkhiza. Fungo la mango limenelo ndi lomwe linkakhala m'malaya a bambowo, ndipo m'nyumba monse linali litatha kupatula umu. Litayamba kuzilala, iye anakweza kagudumu. Litazilalanso, anakwezanso, mpaka kagudumu kanakana kupitirira.

A Nkhungu anatsegula kaliwoyo n'kupuma mwamphamvu. Madzi onunkhira aja anali atauma kalekale, thonje lada bii, batire losupuka ndiponso lotentha ngati dzira lophika kumene.

"Ili lokha ndipatseni, mayi. Lidzakuphulikirani pamimba."

"Ndi la bambo."

"Ndikudziwa."

"Mukalichotsa, kaliwoyu azima." Analanda kaliwoyo n'kumubweza m'epuloni.

A Nkhungu sanakangane naye. Mawa lake anabwera ndi ndowa ya mchenga ndi mpando, n'kukhala pakhomo pa shopu ya mayiyo ngati mlonda. Makasitomala ankadumpha ndowa polowa.

"A Nkhungu, mwayamba kumanga?"

"Ndikudikira moto."

Wometa anafuula ali tsidya: "Adala, ngati n'chibwenzi, enafe timapita ndi maluwa!"

"Iwe pita ukamalize msewu unayamba pamutu pa munthu uja."

Mawayilesi a anthu ankachita fumbi m'kashopu kawo, iwo ali pampando, dzuwa likuwala padazi. Mayiyo akatsokomola, ankanyamula ndowa. Akagwetsa sizasi, ankanyamula ndowa. Tsiku lina mphaka wa agogo a tomato anaona mchenga wabwino chotero n'kuchitiramo zake, a Nkhungu ali m'tulo pampando. Atadzuka anasuzumira m'ndowa nthawi yaitali.

"Nawonso ndi madzi. Azimitsa."

Mayi wosoka anamva kanthu kakutuluka pakhosi pake, kouma, kachilendo. Kanali kuseka. Madzulo ake, asanatseke shopu, anatulutsa batire lija n'kuliika yekha mumchenga.

A Nkhungu anamubwezera kaliwoyo atamutsuka, wopanda batire, ali m'kathumba ka zigamba komwe mayiyo anasoka yekha. Mkati anaikamo thonje latsopano ndi dontho limodzi la madzi a mango. Botolo lake anakana kumupatsa, akuti muno mumabwera ana ndipo madziwa mwana akamwa n'poizoni. Dontho likauma, mayiyo azingowoloka msewu kukatenga lina.

Anawoloka kangapo. Kenaka miyendo ya a Nkhungu inayamba kutupa, mwana wawo wamkazi anabwera ndi galimoto kudzawatenga, ndipo uthenga wa maliro awo unafika mvula isanayambe.

Tsopano msewu umaoneka bwinobwino kuchokera uku mpaka uko, ndipo palibe amene zikumusangalatsa. M'kashopu kaja akugulitsamo nsapato. Wometa amasunga mabatire ake m'timatumba popanda womugwira lamba, ndipo sayesanso mtambo waukulu, poti woti apikisane naye palibe. Ndowa ikadali pakhomo pa mayi wosoka. Makasitomala amaidumpha, osafunsa.

Thonje lija linauma. Iye amalinunkhizabe, ndipo sadziwa ngati akumva mango kapena akungokumbukira, kapenanso kuti mwa abambo awiriwo akukumbukira uti.

Tsiku lonyamuka lija, a Nkhungu atakwezedwa kale m'galimoto, anatsitsa galasi n'kumukodola. Iye anayandikira, poganiza kuti akufuna kutsanzika. Iwo anayang'ana thumba la epuloni yake, kenaka nkhope yake.

"Musakagule batire lina, mayi a makina. Fungo silifuna moto. Ndipo mchenga uja muzisintha, mphakayo sanalape."