Phiko la Ndege Mumtondo wa Amake Rosa

Lolemba
Mzati wa simenti wonyamula belu la kapela yathu wang'aluka, chala chikuchita kulowa. Lamulungu kukubwera Padre kuchokera ku Metangula, ndipo woyang'anira nyumba ya Mulungu ndine. Profesori, mphunzitsi wa pasukulu, akundionetsa pa telefoni: kumaiko akunja akumapera zidutswa za ndege zotha ntchito, kusakaniza ndi simenti, mizati n'kulimba. Ndegetu tili nayo! Chibenthu cha phiko chimene alamu anatola kuphiri ku Maniamba, amatsekera khola la mbuzi.

Lachiwiri
Ndabwereka phiko, ndati mawa ndibweza. Bodza limenelo, Ambuye, ndipo mwalimva. N'lopepuka ngati lichero koma sowo yatha mano. Nkhwangwa ndiyo yathandiza.

Lachitatu
Chigayo cha ndege kuno kulibe. Akazi anga, Amake Rosa, ali kunyanja kuviika chinangwa, ine ndikusinja phiko mumtondo mwawo. Fumbi lakuda, timinga ngati ubweya. Ndatsukamo bwinobwino.

Lachinayi
Sindinatsuke bwino. Nyumba yonse ikukanda ngati tagona pa chitedze: ine, Rosa, mphaka. Ufa wa kondowole watayidwa. "Bambo a Rosa, mumtondo mwanga munalowa chiyani?" Ndati kapena mphemvu. Bodza linanso. Mbuzi za alamu, posowa chitseko, zadya munda wa akatekisti.

Lachisanu
Poti mtondo waonongeka kale, ndikukandiramo simenti ndi ufa wa ndege. Ndamata mng'alu wonse, pasalala! Ndisanakokote zotsala mumtondo, ndikumva mawu a alamu: "Ali kuti mkulu wa mpingo wakuba zitseko?" Ndasiya musi momwemo, ndakabisala m'kapela. Ndagwada ndithu, koma si pemphero.

Loweruka
Kuyesa belu. Ngwee! Kachiwiri, ngwee! Kachitatu, khuu! Mzati wathyoka pamwamba pomwe sindinafike. Pomwe ndinamata pali chilili, osakandika n'komwe. Belu lili mumchenga, chafufumimba.

Lamulungu
Belu talipachika mumtengo wa mango. Padre akulalikira za munthu womanga pamchenga, maso ali pa ine, ine ndikukanda m'khwapa. Kunyumba simenti yauma mumtondo, musi uli njo pakati. Alamu amenya ndi hamala mpaka thukuta, osabenthuka. Augubuduza, akatsekera khola lawo. Profesori sananame, Ambuye, ndege imalimbitsadi. Amake Rosa angondiikira sompho pakhomo. Akuloza mtengo woti ndiseme mtondo wina.